Ulendo wa tsiku limodzi ku damu la Chagwa pa phiri la Zomba mu Okutobala: tiyambire pati?

Nachisale_wa_ku_Ndirande
Abale, ndigawireniko nzeru. Tilipo anthu 7, akuluakulu 5 ndi ana awiri a zaka 11 ndi 13. Tikufuna kukwera phiri la Zomba Loweruka lina mu Okutobala muno, kupita m'mawa n'kubwerako tsiku lomwelo. Sitikufuna malo odzaza anthu ndi masipika. Tamva kuti pamwambapo pali kadamu kachete kotchedwa Chagwa. Tiyambire m'tauni wapansi kapena tikwere galimoto mpaka pa hotela ya Ku Chawe pamwamba pa phiri? Madzi tinyamule ochuluka bwanji? Nanga ana angasambire m'damumo? Ena pagulu lathu akuti ndi ulendo wa maola awiri basi.

Kapitawo_wa_Paini
Amene akuti maola awiriwo akuwerengera munthu wa pa galimoto, mayi. Tauni ya Zomba ili pa mamita cha m'ma 900 kuchokera pa nyanja yamchere, pomwe Ku Chawe ili cha m'ma 1,500. Ndiye mukayambira m'tauni, musanaone n'komwe damu lililonse mukhala mutakwera kale mamita pafupifupi 600 pa Potato Path, kanjira kotsetsereka kamene alimi a pamwamba ankatsitsira kachewere kumsika. Wozolowera amakadya ola ndi theka. Gulu lokhala ndi ana limatha maola awiri kapena kuposa, ndipo limafika pamwamba mabotolo ali pakati.

Kwa inu ndikuti kwerani galimoto mpaka pa Ku Chawe, miyendo muisungire kumtunda. Kuchokera pamenepo mutsatire mtsinje wa Mulunguzi chokwera: mathithi a Mandala, kenako malo owetera nsomba otchedwa Trout Farm, kenako mathithi a Williams. Chigawo chimenechi n'chamthunzi, mumayenda mukumva madzi. Mukachoka pa Williams mumalowa m'misewu yafumbi ya m'nkhalango ya paini yokwera ku Chagwa, ndipo dzuwa limayamba kukupezani pamenepo chifukwa malo ambiri mitengo inadulidwa. Mukafuna kuzungulira, kuchokera ku Chagwa mupite ku malo oonera patali a Queen's View ndi Emperor's View, mutsikire ku damu lalikulu la Mulunguzi, mubwerere pa Ku Chawe. Kuzungulira konseko muwerengere maola 5 mpaka 6 ndi zopumula zomwe. Kungopita ku Chagwa n'kubwerera njira yomweyo n'kwafupiko.

Mphongo_Yachabechabe
Kukwera phiri pa galimoto ndiye kukwera phiri kwake kuti? Ingopitani ku Botanical Gardens mukakhale pa udzu.

Kapitawo_wa_Paini
Achimwene, werenganinso funso. Pali mwana wa zaka 11 ndipo mwezi wake ndi Okutobala.

Mphongo_Yachabechabe
Ana a zaka zomwezo amatsika ndi mitolo ya nkhuni phiri lomweli tsiku ndi tsiku.

Namwino_Wausiku
Amatsikadi, koma thupi lawo linazolowera, amadziwa pomwe pali madzi, ndipo amanyamuka kusanache. Mwana wa m'tauni amene sayenda mtunda wautali si chimodzimodzi. Potato Path ikadya maola awiri pokwera ndi ola ndi theka potsika, muwonjezere maola 5 a pamwamba, mwafika maola 8 ndi theka osawerengera chakudya. Dzuwa la Okutobala ku Zomba limatuluka itangopitirira 5 koloko ndipo limalowa isanakwane 6 koloko madzulo. Mdima wa kuno suchedwa, pakangotha mphindi 20 dzuwa litalowa simuonanso mizu panjira. Ndiye chotsika chovuta kwambiri chija mungachichite ndi miyendo yotopa, mumdima.

Mlimi_wa_Sitiroberi
Ndionjezere pa nkhani ya nthawi. Pali kawerengedwe kakale ka anthu okwera mapiri, ka Naismith, ka m'chaka cha 1892: ola limodzi pa makilomita 5 aliwonse, kuphatikiza ola lina pa mamita 600 aliwonse okwera. Koma kawerengedweko n'ka munthu wamphamvu wosaima. Pa gulu la anthu 7 onjezerani theka la nthawi imene yatulukayo, chifukwa gulu limayenda pa liwiro la wochedwetsetsa, ndipo wina akaima kumanga chingwe cha nsapato onse aima. Chofunika kwambiri ndi kugwirizana ola lobwerera musananyamuke. Mwachitsanzo: tinyamuke pa Ku Chawe 6:30, tikhale tafika ku Chagwa isanakwane 10, tichokeko 12 koloko zivute zitani. Ikakwana 11 musanafike, mutembenuke pomwe mulipo. Anthu ambiri amene amagwidwa ndi mdima paphiri sanasochere, anangokana kutembenuka poti "tatsala pang'ono."

Nachisale_wa_ku_Ndirande
Zikomo akuluakulu. Za galimoto zamveka. Nanga madzi aja?

Namwino_Wausiku
Munthu wamkulu woyenda padzuwa amafuna pafupifupi theka la lita pa ola. Pa maola 6 ndi malita atatu. Ana malita awiri aliyense, koma lita imodzi yokha ikhale m'chikwama chawo, inayo anyamule akuluakulu. Gulu lanu lonse ndi malita 19, ndipo lita imodzi imalemera kilogalamu imodzi, ndiye gawanani bwino. Musathire onse m'chigubu chimodzi cha malita 5 chonyamula pamanja, chimapweteka phewa ndipo chikabooka mwataya zonse. Mabotolo a lita imodzi kapena ndi theka ndi abwino. Botolo limodzi pa munthu muligoneke mufiriji liume, mulikulunge m'chitenje, pofika masana likhala litasungunuka koma lozizira.

Imwani pang'onopang'ono mphindi 20 zilizonse, osadikira ludzu. Ana amaiwala kumwa akamasewera, muziwakumbutsa. Poyesera pake ndi mkodzo: ukakhala wachikasu kwambiri kapena munthu akatha maola anayi osakodza, madzi achepa m'thupi.

Madzi okha sakwanira chifukwa thukuta limatuluka ndi mchere. Tengani mapaketi awiri kapena atatu a Thanzi ORS, paketi imodzi pa lita imodzi ya madzi abwino. Mukapanda kuipeza, sakanizani masupuni ang'onoang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la kasupuni ka mchere mu lita imodzi. Mchere usapitirire pamenepo. Amene amamwa madzi ambirimbiri osadya kanthu kamchere amayamba mutu, nseru ndi kukokana kwa minofu ya m'miyendo, n'kumaganiza kuti ndi ludzu, n'kuwonjezeranso madzi.

Gogo_Chikanda
Malita atatu pamsana pomwe phiri lonse ndi mitsinje? Madzi amene akumwa a mumzinda wa Zomba amachokera pomwepo.

Namwino_Wausiku
Amachokera pomwepo agogo, koma amadutsa kaye kothira mankhwala asanafike pa mpopi. Pamwamba pa phiri pali ocheka matabwa, otola nkhuni, alendo ndi anyani, ndipo zimbudzi m'nkhalango mulibe. Madzi oyera m'maso si ndiye kuti alibe tizilombo. Tonse tikukumbukira kolera ya 2022 mpaka 2023. Mukafunadi kutunga mumtsinje, awiritseni abwadamuke mphindi imodzi yathunthu, kapena athireni mankhwala mudikire mphindi 30. Vuto la WaterGuard ndi loti muyezo wake ndi kachivindikiro kamodzi pa malita 20, ndiye kuyeza za botolo la lita imodzi kutchire n'kovuta, ambiri amathira wochuluka madzi n'kukanika kumweka. Kuwiritsa nako kukufuna moto, ndipo moto m'nkhalango ya paini mu Okutobala ndi nkhani ina. Konzerani madzi kunyumba.

Mphongo_Yachabechabe
Thobwa. Botolo la malita awiri la thobwa ndi madzi ndi chakudya pamodzi. Nkhani yatha.

Mlimi_wa_Sitiroberi
Thobwa ndi wabwino ola loyamba ndi lachiwiri. Akatenthedwa m'chikwama amapitiriza kusasa, botolo limafufuma, potsegula theka limathera pa malaya. Mukamutenga akhale wa dzulo lomweli, wozizira, musadzaze botolo mpaka kukamwa, ndipo mumwe pa Williams, osamusungira masana. Ndipo salowa m'malo mwa madzi.

Kamba wosavuta: mbatata kapena chinangwa chowiritsa, mazira owiritsa osasenda, mtedza wokazinga wothira mchere, buledi wopaka chiponde, nthochi zosapsetsa. Nthochi yakupsa kwambiri imasanduka phala pansi pa chikwama. Mpunga wa nyama kapena saladi ya mayonesi zikakhala maola 5 pa kutentha zimatha kutsegula m'mimba. Zipatso mugula m'mbali mwa msewu wokwera ndi pafupi ndi Ku Chawe, anyamata amagulitsa masitiroberi, mabulosi ndi magalagadeya malinga ndi nyengo yake, koma muzitsuke ndi madzi anu akumwa aja.

Tsamba_Likagwa
Palibe amene wanena chinthu chachikulu: Okutobala si mwezi woonera patali. Utsi wa moto wa m'tchire ndi fumbi zimaphimba chigwa chonse. Pa Emperor's View tsiku loyera mumaona nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje, koma mwezi uno kawirikawiri mumangoona mbuu. Mathithi nawo amakhala ataphwa, damu litatsika, m'mbali muli matope ouma ong'ambika. Mukanatha kudikira, Epulo kapena Meyi ndiye nthawi yake, mvula itangosiya, kuli kobiriwira.

Kapitawo_wa_Paini
Za utsi ndikuvomera. Koma iwo afunsa za damu lachete, osati zoonera patali. Chilimwe chili ndi ubwino wake: njira n'zouma, miyala ya pa mathithi siterera kwambiri, udzu ndi waufupi ndiye mumaona popondapo, mitsinje imawolokeka. Mu Epulo udzu umafika m'chiuno ndipo mame amanyowetsa buluku mpaka 9 koloko. Juni ndi Julayi kuli chiperoni, nkhungu imatha kutseka phiri tsiku lonse osaona mnzako ali pa mamita 20. Mwezi uliwonse uli ndi chake. Komanso pamwamba sipatentha ngati m'tauni, mpweya umazizira pafupifupi madigiri 6 pa mamita 1,000 aliwonse okwera, ndiye m'tauni kukakhala 32 ku Chagwa kumakhala cha m'ma 27 kapena kutsikirapo, ndi kamphepo.

Tsamba_Likagwa
Kamphepo kameneko ndi kamene kamapusitsa anthu. Thupi silimva kutentha koma dzuwa la pamwamba limawotcha khungu kuposa la m'chigwa. Chipewa cha khonde lalikulu, osati kapusi yosiya makutu ndi khosi pamtunda.

Rasi_wa_ku_Matawale
Poti mwatchula Emperor's View, dzinalo linabwera chifukwa Mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia inaima pamenepo itabwera kuno mu 1965. N'chifukwa chake ma Rasta amapaona ngati malo opatulika ndipo amakwerako. Mukafika musamangotayapo mapepala a masiwiti.

Gogo_Chikanda
Ndipo Queen's View ndi ya mayi ake a Mfumukazi Elizabeth, amene anabwera mu 1957, dziko likadali Nyasaland. Ambiri amaganiza kuti ndi ya Elizabeth mwini wakeyo. Nthawi imeneyo likulu linali Zomba, linasamukira ku Lilongwe mu 1975.

Mwana_wa_Mlomwe
Koma kunena zoona ngati nkhani ndi madzi a m'phiri, bwanji osapita ku Mulanje? Dziwe la Nkhalamba kuchokera ku Likhubula ndi ola limodzi lokha, madzi ake oyera kuposa a Chagwa.

Tsamba_Likagwa
Dziwe la Nkhalamba Loweruka la mu Okutobala ndi msika, achimwene. Masukulu, makwaya, magulu a kuntchito, aliyense ndi sipika yake. Mayiwa anena kuti akufuna chete. Komanso limenelo ndi dziwe la pansi pa mathithi, lakuya, ndipo lamezapo anthu.

Wakumpoto_Weniweni
Nyanja yeniyeni ya paphiri ndi Kaulime ku Nyika. Yachilengedwe, osati yokumba. Zinazi ndi madamu.

Mphongo_Yachabechabe
Munthu ali ku Ndirande, akufuna kubwerako tsiku lomwelo, inu mukumutumiza ku Rumphi.

Wakumpoto_Weniweni
Ndimangokonza mawu. Ndipo ku Nyika ndi paki, simungayende wapansi popanda msilikali wa zanyama. Tibwerere ku Zomba kwanuko.

Nachisale_wa_ku_Ndirande
Tibwerereko ndithu. Za kusambira palibe wandiyankha, ndipo ana akundifunsa tsiku lililonse.

Namwino_Wausiku
Ayi, asasambire. Damu si dziwe la mchenga lolowa pang'onopang'ono. M'mbali mwake ndi matope omata, mwendo umalowa mpaka m'bondo, ndipo pena pansi pamatsika mwadzidzidzi. Pansi pa madamu a m'nkhalango pamakhala zitsa, nthambi ndi udzu wa m'madzi zimene simuziona chifukwa madzi ake ndi oderako. Chachiwiri ndi kuzizira. Pamwamba pa madzi pamafunda ndi dzuwa, koma pansi pang'ono ndi ozizira kwambiri. Munthu wotenthedwa akadumphiramo thupi limadzidzimuka, amakoka mpweya mosafuna, ndipo akakoka mutu uli m'madzi wamwa kale. Zimachitikira ngakhale odziwa kusambira. Chachitatu, kumeneko kulibe wopulumutsa, kulibe bwato, ndipo galimoto yanu ili kutali maola awiri.

Wina akagweramo musalumphire kumutsatira. Gonani chafufumimba pamtunda, mumuponyere chitenje chopota kapena nthambi yaitali, kapena chigubu chopanda kanthu chotseka bwino kuti agwire.

Kapitawo_wa_Paini
Ndipo damu la Mulunguzi ndiye musaliyerekeze n'komwe, ndi nkhokwe ya madzi akumwa a mzinda wonse, ili m'manja mwa Southern Region Water Board. Osasambamo, osachapiramo, osatsukiramo mbale. Ana akafuna kunyowa, pa Williams pali malo osaya oti n'kuviika mapazi wamkulu ali pambali. Koma miyala yobiriwira ya ndere ija ndi sopo weniweni, aponde pa youma yokha, ndipo asakwere pamwamba pa mathithi kukajambulitsa.

Mbalame_Zanga
Ku Chagwa chosangalatsa si kusambira. Khalani chete mphindi 10 m'mbali mwa madzi, ana aone okha zimene zimatuluka. Tombolombo, achule, mbalame zobwera kudzamwa. M'tizigawo ta nkhalango yachilengedwe tomwe tatsala m'mphepete mwa mitsinje muli kambalame kotchedwa yellow-throated apalis, kamene kamapezeka m'Malawi mokha muno, pa mapiri a Zomba, Malosa ndi Mulanje. M'paini simungakapeze, paini ndi chete ngati kumanda. Nthawi yake ndi m'mawa, chifukwa china chonyamukira 6:30. Wofuna kuwedza afunse kaye za chilolezo kwa a zankhalango, asangotulutsa mbedza.

Mphongo_Yachabechabe
Nanga operekeza alendo paphiri ndi ofunikadi? Foni ili ndi mapu.

Kapitawo_wa_Paini
Apa ndiye ndilankhule motalika, chifukwa anthu amasocherera pomwepa. Pamwamba pa phiri la Zomba ndi munda wa mitengo. Chigawo chikakhwima chimadulidwa, malole amatsegula njira zatsopano zokatengera matabwa, zakale zimamera tchire. Mapu a pa foni amaonetsa msewu umodzi, inu mukafika mupeza mphambano ya misewu itatu yofanana, yonse yafumbi lofiira, ndipo wooneka woyendedwa kwambiri nthawi zambiri ndi wa malole, umakathera pa mulu wa utuchi. Zikwangwani n'zochepa. Amene anapitako zaka zitatu zapitazo n'kukuuzani kuti "mukhote pa mitengo italiitali" mwina mitengoyo inasanduka kale denga la munthu ku Chinamwali.

Ndiye paulendo woyamba, wokhala ndi ana, tengani woperekeza. Amapezeka pafupi ndi Ku Chawe. Mugwirizane zinthu zitatu musanayambe: mtengo wa gulu lonse osati wa munthu mmodzimmodzi, malo amene mudutse mowatchula mayina, ndi ola lobwerera. Mumuuze poyera kuti pali ana, asakudutsitseni njira zachidule zotsetsereka. Nyamulani ndalama zing'onozing'ono za m'manja zolipira pachipata cha nkhalango ndi zogulira zipatso, chenji kumtunda n'chovuta.

Foni muitengebe. Tsitsani mapu ogwira popanda intaneti muli kunyumba, monga Organic Maps kapena Maps.me, muike chizindikiro pomwe mwasiya galimoto. Netiweki ya TNM ndi Airtel imagwira m'mphepete moyang'ana tauni koma imasowa m'zigwa za mkati, ndipo foni ikamasakasaka netiweki batire imatha msanga. Foni imodzi ya gulu muizimitse ikhale yosungira. Wina wotsala kunyumba adziwe njira yanu ndi ola limene ayambe kuda nkhawa mukapanda kuimba.

Pa mphambano iliyonse otsogola adikire omaliza. Wamkulu mmodzi kutsogolo, wina kumbuyo, ana pakati. Mukaona kuti mwasochera, bwererani pomwe munali otsimikiza komaliza. Musatsatire mtsinje chotsika poganiza kuti ukufikitsani m'tauni, chifukwa m'mphepete mwa phirili mitsinje imagwera m'maphompho.

Gogo_Chikanda
Za phompho zoona. Ndi chifukwa chake Chingwe's Hole, dzenje lakuya la paphiripo, musaiphatikize tsiku lomwelo ngakhale wina akunyengerereni. Ili mbali ina ya phiri, koyang'ana chigwa cha Shire, ndi ulendo wakewake.

Mlonda_wa_Moto
Nkhani ya moto isadutse mwachidule. Seputembala mpaka mvula yoyamba ndi nyengo ya moto paphiri. Pansi pa paini pamakhala masamba ouma okhuthala ngati matiresi, ali ndi utomoni, kachitsa ka fodya kamodzi n'kokwanira. Kuyatsa moto m'nkhalango yotetezedwa popanda chilolezo ndi mlandu pansi pa lamulo la zankhalango la 1997. Ndiye mbaula, makala ndi zowotcha nyama zitsale kunyumba.

Mukaona utsi, imani muone komwe mphepo ikuupititsa. Moto umathamanga kwambiri pokwera mtunda kuposa potsika, chifukwa malawi amayamba aumitsa ndi kutenthetsa zimene zili pamwamba pake. Choncho osathawira kumtunda moto uli pansi panu, simungaupose. Pitani cham'mbali, kapena fikani pa msewu waukulu wopanda udzu, m'mbali mwa damu, kapena pa lupsa pomwe papsa kale. Pewani tizigwa topapatiza tokhala ndi udzu wautali, timakoka moto ngati chumuni. Nyowetsani chitenje mutseke pakamwa ndi mphuno. Ngati utsi uli kutsogolo kwa njira yanu m'mawa, sinthani ulendo, mathithi a Williams okha ndi okwanira tsiku limenelo.

Mlimi_wa_Sitiroberi
Ndipo kumapeto kwa Okutobala chizimalupsa chimatha kugwa tsiku lililonse, kawirikawiri masana, ndi mabingu. M'mawa kumacha koyera, 11 koloko mitambo yayamba kuunjikana ngati thonje, 2 koloko yada pansi. Mukaona ching'aning'ani werengani masekondi mpaka bingu limveke, masekondi atatu ndi kilomita imodzi. Akakhala osakwana 30, mphezi ili pafupi moti ingakufikeni. Chokani m'mbali mwa damu, chokani pa malo oonera patali aja chifukwa ali pamsonga, musabisale pansi pa mtengo woima wokha. Tsikirani malo otsika, mutalikirane mamita angapo kuti ikagunda isagunde onse, mudikire mphindi 30 kuchokera pa bingu lomaliza. Aliyense akhale ndi juzi yopepuka ndi chodzitetezera ku mvula, ngakhale jumbo lalikulu la zinyalala loboola pamutu. Mwana wonyowa pa mamita 1,800 kukuwomba mphepo amayamba kunjenjemera msanga, ngakhale m'tauni anthu akuthukuta.

Nachisale_wa_ku_Ndirande
Mwandiopsezatu. Njoka nazo mundiuza kuti zilipo?

Kapitawo_wa_Paini
Zilipo koma sizisaka munthu. Zambiri zimathawa zikamva mapazi. Yosathawa ndi mphiri, imagona phee panjira kuwothera dzuwa ndipo khungu lake limafanana ndi masamba ouma. Yang'anani popondapo, musalumphe chipika osaona kuseri kwake, musapise dzanja m'mapanga a miyala. Nsapato zotseka ndi buluku lalitali zimathandizanso ku nkhupakupa ndi chitedze cha m'munsi mwa phiri. Chimene mukumane nacho ndithu ndi anyani. Musawapatse chakudya, musadye akuonerera pafupi, zikwama zikhale zotseka, ndipo mwana asayende yekha atagwira nthochi m'manja. Mzere wa linthumbu ukadutsa panjira, ulumpheni, osaima pamenepo n'kumajambula.

Namwino_Wausiku
Njoka ikaluma: osatema, osayamwa, osamanga chingwe chothina. Ululu wa mphiri umatupitsa ndi kuwononga mnofu, mukamanga mumauunjika malo amodzi munthu n'kudzataya mwendo. Vulani mphete, zibangili ndi nsapato kutupa kusanayambe, mwendo usagwedezeke, munthuyo anyamulidwe ngati n'kotheka, mulunjike ku Zomba Central Hospital. Musataye nthawi kusaka njokayo.

Koma kunena chilungamo, chimene chimawononga maulendo ambiri si njoka, ndi matuza. Nsapato zatsopano ayi, valani zimene mwayenda nazo kale, zokhala ndi mapazi ogwira pansi, chifukwa masamba a paini ouma pamtsetse amaterera kuposa matope. Masilipasi ndi nsapato zapulasitiki zitsale. Wengani zikhadabo za kumapazi masiku awiri ulendo usanafike, potsika zala zimagunda kutsogolo kwa nsapato ndipo chikhadabo chachitali chimada n'kuzuka. Musanayambe kutsika mangitsaninso zingwe. Masokosi awiriawiri, ena osinthira ku damu. Munthu akangomva kutentha pachidendene aime pomwepo amate pulasitala, asadikire kuti thuza lituluke. Likatuluka osaliboola ngati akutha kuyenda nalo.

M'kachikwama ka mankhwala: mapulasitala, bandeji yotamuka imodzi ya bondo kapena kakolo, panado, Thanzi uja, mankhwala a aliyense amene ali ndi mphumu kapena shuga, tochi ziwiri zosadalira foni, ndi wenzulo. Za kutenthedwa, wina akayamba chizungulire, mutu, kufooka ndi thukuta lambiri, mugonekeni pamthunzi, mukweze miyendo, mumasule zovala, amwe Thanzi pang'onopang'ono, ndipo ulendo wake wathera pomwepo. Akayamba kulankhula zosamveka, kudzandira kapena kukomoka thupi lili moto, imeneyo ndi ngozi yeniyeni: mthireni madzi thupi lonse, mumukupize, musamumwetse ngati sakudziwa chimene chikuchitika, ndipo wina athamangire thandizo.

Mphongo_Yachabechabe
Ndi katundu yense ameneyu mufunika ngolo.

Mlimi_wa_Sitiroberi
Yesani pa sikelo. Madzi makilogalamu atatu, chakudya imodzi, juzi ndi zina imodzi. Makilogalamu 5 pa wamkulu, ndipo chikwama chimapepuka ola lililonse. Chikhale cha zingwe ziwiri chapamsana, manja akhale omasuka. Jumbo limodzi likhale la zinyalala zanu, makoko a mazira ndi a nthochi omwe, chifukwa ndi zimene zimaphunzitsa anyani kulondola anthu.

Nachisale_wa_ku_Ndirande
Ndalemba zonse. Tinyamuka ku Blantyre 4:30 kuti 6:30 tikhale tayamba kuyenda. Tipita ku Chagwa kudzera pa Williams, za Emperor's View tikaonera nthawi ndi utsi. Funso lomaliza: tili ndi galimoto ya Toyota Sienta, ikwera?

Kapitawo_wa_Paini
Mpaka pa Ku Chawe ikwera bwinobwino, msewu ndi wa phula. Uli ndi makona akuthwa, ndiye oyendetsa aziliza hutala pokhota ndipo ayembekezere malole a matabwa ndi njinga zodzaza nkhuni zikutsika. M'misewu yafumbi ya mkati musailowetse, ili ndi mabampu ndi ngalande zokumbidwa ndi malole, Sienta yonyamula anthu 7 ikhula pansi. Potsika madzulo aike giya yotsika, L kapena B malinga ndi galimoto yake, injini izigwira yokha. Akamangoponda buleki njira yonse mabuleki amatentha, amayamba kununkha, kenako amalephera kugwira pa kona pomwe akufunikira.

Gogo_Chikanda
Ndipo mafuta muthirire m'tauni. Pamwamba palibe pothirira.